MBALAME ZA ULENDO M'CIGWA CA LUANGWA

Pofika mwezi wa September mtsinje wa Luangwa umakhala utaphwa ndithu. Madzi amene anasefukira m'dzinja atsala pang'ono, nayenda mokhotakhota pakati pa mcenga. Mvuu zaunjikana m'maiwe akuya, ndipo mathamanda a kwa Kakumbi ndi kwa Nsefu ayamba kusanduka matope. Pa nyengo yomweyi m'mphepete mwa madzi muoneka mbalame zazing'ono zotuwa, za miyendo yaitali, zimene zinali zosowa pa mwezi wa June. Asodzi amaziona, akazi otunga madzi amaziona, anyamata a malegeni amazionanso. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti mbalamezo zinaswedwa ku Finland ndi ku Russia, ndi kuti zauluka makilomita zikwi zambiri kudzatera pa mcengapo. Phunziro ili lifotokoza kumene zicokera, maonekedwe ao, ndi cimene eni dziko ayenera kuzicitira, popeza zikhala m'manja mwao theka la caka ciri conse.

1. Cifukwa cace zicoka kwao

Maiko a kumpoto kwa Ulaya ndi Asia ali ndi nyengo zosiyana ndi za kuno. Kuyambira May kufikira July dzuwa likhalitsa m'mwamba, ndipo kumpoto kweni kweni kwa Norway ndi Siberia sililowa konse masabata angapo. Udzudzu, nchenche ndi mbozi zicuruka kopambana, kotero kuti mbalame zipeza cakudya cokwanira kulera ana. Kumeneko ndiko zimanga zisa ndi kuswa. Koma pofika September ndi October masamba a mitengo ayoyoka, usiku utalika, ndipo posacedwa madzi a m'madambo auma gwa ngati mwala cifukwa ca kuzizira. Tizirombo tonse tifa kapena kubisala pansi. Mbalame ikhoza kupirira kuzizira, pakuti iri ndi nthenga, koma njala siikhoza kuipirira. Cifukwa cace icoka.

Pamene njala iyamba kumeneko, kuno cakudya cayamba kucuruka. Matope a m'mathamanda akuphwa adzala ndi nyongolotsi, tinkhono ndi mphutsi, ndipo mvula yoyamba ya November iturutsa inswa, ziwala ndi mbozi. Motero mbalamezi ziri ndi kwao kuwiri: kwina ziswera, kwina zipulumukira njala. Kuno sizimanga cisa ngakhale cimodzi. Zidya, zisintha nthenga zakutha, ndipo pa March ndi April zibwerera kumpoto.

Ku Ulaya anthu okonda mbalame amapita ku gombe la nyanja ya mcere pa miyezi ya September ndi October, kukaonerera mbalame zikunka kumwera. Boma la Mambwe liri kutali ndi nyanja ya mcere, koma mcenga wa Luangwa ndi wa Lupande ugwira nchito ya gombe lomwelo. Zambiri za mbalame zofika kuno zicokera kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Siberia. Zidzera ku Turkey, ku Israel ndi ku Arabia, pamenepo zitsata mtsinje wa Nile kapena nyanja za ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania.

Isananyamuke, mbalame idya kwambiri nikundika mafuta pansi pa khungu, ndipo pali zina zazing'ono zimene kulemera kwao kutsala pang'ono kuwirikiza. Mafutawo ndiwo kamba wace poloka nyanja ndi cipululu, kumene kulibe cakudya kapena madzi. Zambiri ziuluka usiku. Akatswiri anapeza kuti zilondola njira ndi dzuwa, ndi nyenyezi, ndiponso ndi mphamvu yomwe ija ya dziko lapansi imene ilozetsa singano ya kampasi kumpoto. Codabwitsa cina ndi ici, kuti pa mitundu yambiri ya mbalame za m'matope zazikuru zitsogola, nizisiya ana m'mbuyo. Ndipo anawo, a masabata owerengeka okha, apeza okha njira imene sanaiyendepo.

2. Umo anthu anadziwira za ulendowu

Anthu a ku Palestine, kumene kudzera adokowe ambirimbiri caka ndi caka, anaona kale lomwe kuti mbalame zisunga nyengo yao, ndipo mneneri Yeremiya achula za ici pa mutu 8 wa buku lace. Koma kumene zinali kupita kunali kobisika. Ku Ulaya ngakhale ophunzira ena anakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa madzi nyengo yonse ya cisanu.

M'caka ca 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, kunaphedwa dokowe woyera amene anali ndi mkondo wa ku Africa wolasa khosi lace. Anauluka nao ulendo wonsewo. Dokoweyo asungidwa ku Rostock, ndipo anakhala umboni wosatsutsika. M'caka ca 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kubveka mbalame timphete ta citsulo pa mwendo, tolembedwa nambala ndi keyala. Namzeze wina amene anabvekedwa mphete ku Staffordshire ku England m'caka ca 1911 anapezeka ku Natal pa December 1912. Kuyambira 1969 nchito yotere icitika ku Ngulia m'dziko la Kenya, kumene nyali zikopa mbalame zouluka usiku wa nkhungu pa November ndi December. Kumeneko zabvekedwa mphete mbalame zikwi mazana angapo. M'caka ca 2009 akatswiri a ku Switzerland anawerengera kuti mbalame zazing'ono zocoka ku Ulaya kudza ku Africa caka ciri conse ziposa mamiliyoni 2,000.

3. Mbalame za pa mcenga ndi m'matope

Mbalame izi zifanana kwambiri, ndipo m'midzi yambiri zichedwa ndi dzina limodzi kapena ziribe dzina konse. Maina ali m'munsiwa ndiwo a m'mabuku a Cingerezi. Wofuna kuzisiyanitsa ayang'ane zinthu zinai: msinkhu, mtundu wa miyendo, mlomo, ndi kulira kwace pouluka.

Common Sandpiper ndiyo yosabvuta kuidziwa. Iyenda yokha m'mphepete mweni mweni mwa madzi, nigwedeza mcira kosalekeza. Kumsana ndi yodera, kumimba yoyera, ndipo kuyerako kukwera pang'ono patsogolo pa phiko. Ikadzidzimuka iuluka pafupi ndi madzi, mapiko atawerama ndi kunjenjemera. Iyamba kufika pa August.

Wood Sandpiper ikonda mathamanda a udzu koposa mcenga. Iri ndi mawanga oyera kumsana, miyendo yonga cikasu, ndi mzere woyera pamwamba pa diso. Pouluka ionetsa cigamba coyera pamwamba pa mcira.

Greenshank ndi yaikuru koposa ziwirizo. Miyendo yace ndi yobiriwira motuwa, ndipo mlomo wace wautali upindikira kumwamba pang'ono. Ndi yoceuka msanga. Ikanyamuka ipfuula katatu ndi mau akuru, ndipo mbalame zonse za pa mcengapo zidziwa kuti kwabwera munthu.

Little Stint ndiyo yaing'ono pa zonse, ya msinkhu wa mpheta. Miyendo ndi mlomo ndi zakuda. Iyenda m'magulu, nijompha matope mofulumira monga singano ya makina osokera. Kambalame aka kaswera kumpoto kweni kweni kwa Russia, kumene mitengo siimera.

Ruff iyenda m'magulu m'madambo a matope. Yaimuna iposa yaikazi msinkhu kwambiri, kotero kuti munthu ayesa mitundu iwiri. Kwao zazimuna zimera nthenga zazitali m'khosi ndi kubvina pamaso pa zazikazi, koma kuno zibvala zotuwa.

Pa mcenga womwewo pali eni mudzi, amene sacoka m'Africa. Pali White-crowned Lapwing ya tinyama ta cikasu tolendewera pa masaya. Pali Blacksmith Lapwing yakuda ndi yoyera, imene kulira kwace kunga mmisiri wosula citsulo. Palinso Three-banded Plover ya mikanda iwiri yakuda pa cifuwa ndi cikope cofiira. Izi ziikira mazira pansi pomwepo, ndipo munthu akayandikira zimzinga ndi phokoso. Alendo aja sacita cotero, pakuti alibe cisa coteteza, angothawa.

4. Mbalame zoyimba za m'thengo

Willow Warbler ifika pa mapeto a September ndi pa October. Ndi kambalame kobiriwira motuwa, ka cifuwa conga cikasu pang'ono, kosakhazikika, kofunafuna tizirombo m'masamba a misangu ndi mithethe. Kulemera kwace ndi magalamu 9 kapena 10, monga bokosi la macesi. Komatu akatswiri amene anamangirira tizipangizo pa mbalame za mtundu uwu kum'mawa kwa Siberia anapeza kuti zinauluka makilomita oposa 12,000 kufika ku Africa ya kum'mawa. Kayimba ngakhale kuno, ndi mau ofatsa oyamba pamwamba ndi kutsika pang'ono pang'ono.

Spotted Flycatcher ifika pa October. Ndi yotuwa, yopanda cokometsera, koma macitidwe ace aiulula: itera pa nthambi ya m'munsi, iulukira kukagwira nchenche m'malere, nibwerera pa nthambi yomweyo. Red-backed Shrike ifika pa November, nitera poonekera pa zitsamba za minga m'mbali mwa minda. Yaimuna iri ndi mutu wotuwa, mzere wakuda wopyola m'maso, ndi msana wofiirira. Idya ziwala.

Namzeze wa ku Ulaya adziwika ndi m'mero wace wofiira moderapo ndi mkanda wakuda pa cifuwa. Afika pa October, ndipo madzulo agona m'bango m'magulu akuru. Anamzeze omanga zisa za dothi pansi pa milatho ndi m'makhonde ndi a kuno. Wa ku Ulaya samanga.

Marsh Warbler icedwa, popeza ikhala miyezi ingapo ku Sudan ndi ku Ethiopia, nifika kuno pa December ndi January. Ibisala m'ziyangoyango ndi m'udzu wautali, ndipo imveka koposa kuoneka. Mbalame iyi iribe nyimbo yace yace. Iluka nyimbo ndi mau a mbalame zina. Françoise Dowsett-Lemaire, amene anaiphunzira ku Belgium ndi kuno ku Zambia, analengeza m'caka ca 1979 kuti anazindikira m'nyimbo zace mau a mitundu 212 ya mbalame: 99 ya ku Ulaya ndi 113 ya ku Africa. Pakati pa mauwo pali kulira kwa pumbwa. Motero mlimi wa ku Belgium amva pumbwa m'dimba mwace pa mwezi wa June, cinkana sanamuonepo ndi kale lonse.

Pali alendo enanso amene ulendo wao uthera m'Africa momwemuno. Afulagombe ofiira afika pa August ndi September, nakumba mauna m'magombe a Luangwa mazana mazana pamodzi, naswa mvula isanadzaze mtsinje. Adokowe akuda a mimba yoyera, ochedwa Abdim's Stork, aswera ku maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara, kuyambira ku Senegal kufikira ku Ethiopia, ndipo afika kuno ndi mvula yoyamba. Iwo pamodzi ndi adokowe oyera a ku Ulaya atsata dzombe ndi nchemberezandonda, nakhala antchito a mlimi osalipidwa.

5. Mayang'anidwe ace

Nthawi yabwino ndi m'mamawa, dzuwa lisanatenthe. Munthu akhale pansi pa mthunzi, dzuwa liri kumbuyo kwace, atabvala zosawala, ndipo asayendeyende. Mbalame ziiwala msanga munthu wokhala cete, niziyandikira zokha. Magalasi oonera patali athandiza, koma amene alibe asataye mtima, pakuti mayendedwe ndi mau zidziwika ndi maso ndi makutu okha.

Acenjere ndi ng'ona, asayandikire madzi akuya; acenjere ndi mvuu zobwerera kumadzi m'mamawa, ndi njobvu m'nkhalango za m'mbali mwa mtsinje. Asaime pa mlomo wa gombe, cifukwa pansi pace pakhoza kukhala pogumuka. Ana asapite okha. M'kati mwa South Luangwa National Park, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1972, munthu salowa wopanda cilolezo. Koma mbalame sizidziwa malire, ndipo zonse zachulidwazi zioneka ku tsidya la midzi, m'madimba ndi m'mathamanda a Lupande.

Copambana ndi kabuku ndi pensulo. Alembe tsiku, malo, mtundu wa mbalame ndi kucuruka kwace. Makamaka alembe tsiku loyamba kuiona ndi tsiku lotsiriza. Zolemba za caka cimodzi ziri ndi phindu locepa, koma za zaka khumi zionetsa ngati mtundu wina uli kucepa kapena kusintha nyengo yace. Mabuku akuru a mbalame za m'Zambia, la C. W. Benson ndi anzace la 1971 ndi la R. J. Dowsett ndi anzace la 2008, anamangidwa pa zolemba zotere za anthu ambiri. Bungwe la Zambian Ornithological Society, loyamba m'caka ca 1969, limene pambuyo pace linachedwa BirdWatch Zambia, linakhazikitsidwira nchito yomweyi. M'cigwa ca Luangwa mwalembedwa mitundu ya mbalame yoposa 400. Ndipo kuyambira masiku a Norman Carr ndi Mfumu Nsefu, m'zaka za m'ma 1950, ana ambiri a Akunda apeza nchito yoperekeza alendo m'thengo, nchito yofuna munthu wodziwa mbalame ndi maina ace.

Wopeza mbalame yakufa ya mphete pa mwendo alembe zonse ziri pa mpheteyo, ndi tsiku ndi malo, napereke kwa mphunzitsi kapena ku ofesi ya zinyama ku Mfuwe. Koma asaphe mbalame cifukwa ca mphete. Ndi citsulo cabe, sicigulidwa.

6. Zoopsa za pa njira, ndi gawo la eni dziko

Ulendowu upha mbalame zambiri: mphepo, ludzu la m'cipululu ndi akabawi zitenga gawo lao. Koma anthu aonjeza. Pa gombe la Egypt amacha maukonde ataliatali, ndipo pa cisumbu ca Cyprus amagwira timbalame ndi ulimbo, monga acita anyamata a kuno. M'caka ca 2016 bungwe la BirdLife International linawerengera kuti m'maiko ozinga nyanja ya Mediterranean mbalame zophedwa mosalolezedwa caka ciri conse ziri pakati pa mamiliyoni 11 ndi 36. Madambo ambiri opumirapo pa njira aumitsidwa ndi kusandutsidwa minda ndi mizinda.

Kuti mtundu wa mbalame ukhoza kutheratu si nthano ai. Slender-billed Curlew, imene inali kuswera ku Siberia ndi kuthawira ku gombe la Morocco, inaoneka kotsiriza m'caka ca 1995, ndipo m'caka ca 2024 akatswiri analengeza kuti yatha pa dziko lonse. Caka comweco Curlew Sandpiper, ya mlomo wopindikira pansi, imene itera pa matope a m'Zambia podutsa, inalembedwa pa mndandanda wa mbalame ziri pa ngozi. Pofuna kusunga malo otere maiko anapangana pangano ku Ramsar m'dziko la Iran m'caka ca 1971. Ndipo madambo a Luangwa analembedwa pansi pa panganolo m'caka ca 2007.

Komatu pangano la pa pepala silileka mwala wa legeni. Zimene zisunga mbalame m'cigwa muno ziri m'manja mwa makolo, aphunzitsi ndi anyakwawa, ndipo ndi izi:

(a) Anyamata aphunzitsidwe kusiyanitsa mbalame zodya mapira ndi mpunga ndi mbalame zodya tizirombo. Kambalame ka magalamu 10 sikakhutitsa ngakhale mwana, koma kamoyo kadya mbozi tsiku lonse.

(b) Zopopera mankhwala a thonje zisatsukidwe m'thamanda kapena mumtsinje, ndipo mankhwala asathiridwe m'madzi pofuna nsomba. Apha mphutsi ndi tinkhono ta m'matope, ndipo mbalame yofika yotopa ipeza mbale yopanda kanthu. Madzi omwewo amwa anthu ndi ziweto.

(c) Bango ndi ziyangoyango za m'mbali mwa mitsinje zisatenthedwe zonse ndi moto wa October. Wolambula dimba asiye mpata wa zitsamba ku gombe. Mpatawo usunga mbalame, usunganso dothi lace lisakokoloke.

(d) Mauna a afulagombe asatsekedwe ndi ukonde, pakuti kupha makolo ndi kupha ana onse ali m'katimo.

Akuru amati mlendo ndi mame, ndiko kunena kuti asamalidwe lero popeza mawa acoka. Mbalame yodya bwino pa mcenga wa Luangwa kuyambira October kufikira March ndiyo ikhala ndi mphamvu yoloka cipululu ndi kukaswa kwao, ndipo ana ace ndiwo adzatera pa mcenga womwewo caka camawa. Loweruka laciwiri la mwezi wa October, monganso la mwezi wa May, maiko ambiri akumbukira tsiku la mbalame za ulendo. Liyenera kukhala tsiku loti mphunzitsi aturuke ndi ana ace m'mamawa, kabuku kali m'manja, akawerenge alendo amene afika.

Mafunso

1. Cimene cicotsa mbalame ku maiko a kumpoto nciani, kuzizira kapena njala?
2. Munthu adziwa bwanji kuti mbalame ya pa mcenga ndi mlendo kapena mwini mudzi?
3. Dokowe wa ku Klütz anaphunzitsa anthu ciani?
4. Namzeze wa ku Ulaya asiyana bwanji ndi anamzeze a kuno?
5. Pa zinthu zinai zolembedwa m'cigawo ca 6, ndi citi cimene mudzi ukhoza kuyamba caka cino?